Mwana akamakana homuweki: mafunso a makolo a kuno Kummawa ndi mayankho ake

Ndagwira choko zaka zambiri m'sukulu za pulayimale, poyamba kumudzi cha ku Chadiza, kenako kuno m'tauni ya Chipata, Kummawa kwa Zambia. Ndalera ana anga, ndipo lero pakhomo pali adzukulu awiri amene mabuku awo ndimawaona madzulo aliwonse. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe makolo amandifunsa pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi (PTA), potuluka m'tchalitchi, ngakhalenso pamsika wa Kapata ndikamagula ndiwo. Ndawalemba momwe amandifunsira.

Mwana wanga ndi waulesi. Akangomva za homuweki tulo tamugwira, apo ayi wathawira kwa anzake. Ndimutani?

Mawu akuti ulesiwo ndi amene ndimayamba kuwakayikira. Mwana yemwe mukumuti waulesiyo amaswera tsiku lonse akuumba ng'ombe zadothi, akupinda galimoto yamawaya, akuthamangitsa mpira wamapulasitiki mpaka dzuwa kulowa. Mphamvu ali nazo, chidwi ali nacho. Ndiye muyenera kudzifunsa kuti m'bukumo muli chiyani chomwe akuchithawa.

Nthawi zina ndi njala. Nthawi zina ndi kutopa, makamaka kwa ana oyenda mtunda wautali popita kusukulu. Ena ndi mantha, chifukwa kwa iwo nthawi ya homuweki ndi nthawi yokalipiridwa. Koma chomwe ndakumana nacho kwambiri n'chakuti mwanayo satha kuwerenga, ndipo palibe amene anazindikira. Mwana wa giredi 5 sangabwere n'kunena kuti, "Amayi, ine sinditha kuwerenga." Manyazi samulola. Amalolera kutchedwa wamwano kapena waulesi, chifukwa mayina amenewo amamupepukira kusiyana ndi kutchedwa mbuli pamaso pa ang'ono ake.

Ndimakumbukira mnyamata wina wa giredi 6 amene buku lake la homuweki linkasowa mlungu uliwonse. Lero mbuzi zadya, mawa lanyowa ndi mvula. Chonsecho zolemba zake zinali zokongola kuposa za ana onse m'kalasimo. Tsiku lina anzake ataweruka ndinamukhazika pansi pa mtengo wa mango n'kumupatsa kabuku ka giredi 2. Anayang'ana tsamba loyamba kwa nthawi yaitali, kenako misozi inayamba kugwera papepala. Zaka zonsezo ankajambula zilembo zapabolodi monga munthu ajambulira chithunzi, osadziwa chomwe zikunena. Ine ndemwe ndinali nditamudzudzula kangapo pamaso pa anzake, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mwana wotere amabisala mosavuta masiku ano. Kuyambira mu Januwale 2022 boma linachotsa malipiro m'sukulu zake kuchokera kunasale mpaka giredi 12, ndipo ana ambiri omwe anali pakhomo anabwerera m'kalasi. Chimenechi n'chabwino kwambiri, ndipo chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000. Komabe makalasi anadzaza. Ndaonapo ndi maso anga mphunzitsi mmodzi ali ndi ana opitirira 80, ena atakhala pansi. M'gulu lotero mwana wofatsa amene sasokosa angathe kudutsa magiredi atatu dzina lake lisanaitanidwe kuti awerenge. Woyamba kuzindikira vuto lake ndinu, kunyumba.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti vuto lake ndi kuwerenga?

Musamuuze kuti mukumuyesa. Tengani chilichonse cholembedwa m'Chinyanja, kaya buku la nyimbo zakutchalitchi kaya buku la mng'ono wake, n'kumuuza kuti, "Tandiwerengerako apa, maso anga atopa." Mvetserani. Ngati akukakamira pa liwu lililonse, kapena akungoyerekeza poona chithunzi, tsikani: mupatseni mawu amodziamodzi monga nsima, khasu, mbuzi. Akalephera, tsikaninso mufike pa ba be bi bo bu. Pamene wayamba kukhoza mosavuta, pamenepo ndi pomwe ali, kaya giredi yake ndi iti. Ngati akuwerenga bwino, mufunseni kuti nkhaniyo ikuti chiyani, chifukwa pali ana otchula mawu bwinobwino koma osamva kanthu. Samu nazonso chimodzimodzi: tengani njere za chimanga kapena nshawa, muone ngati angachotse 17 pa 42.

Mukapeza kuti watsalira, pitani kusukulu mukafunse za makalasi a Catch Up. Pulogalamu imeneyi unduna wa maphunziro unayamba kuiyesa mu 2016, ndipo maboma a Chipata ndi Katete anali m'gulu la oyamba. Ana a giredi 3 mpaka 5 amagawidwa potengera zomwe akutha kuchita, osati giredi yawo, ndipo amaphunzira kuwerenga ndi samu kudzera m'masewera, timitengo ndi timakadi. Ndaona ana omwe tinali titawataya mtima akuyamba kuwerenga temu imodzi isanathe. Mwana akayamba kumva zomwe zalembedwa, mkangano wa homuweki umachepa wokha.

Musaiwalenso maso ndi makutu. Mwana amene amatsinzina poyang'ana pabolodi, amene amayandikitsa buku pamphuno, kapena amene mutu umamupweteka akawerenga pang'ono, mupite naye kukiliniki akamuone. Malungo obwerezabwereza, likodzo ndi kuchepa magazi nazonso zimafooketsa mwana mpaka kuoneka ngati wamphwayi.

Nthawi yabwino yolembera ndi iti?

Adye kaye, apumuleko, asewereko pang'ono, kenako akhale pansi kusanade. Kwa olowa m'mawa, cha m'ma 16 koloko ndi bwino. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mdima umafulumira, ikamakwana 18 koloko kwada kale. Olowa masana angalembe m'mawa akatha kusesa ndi kudya phala, mutu ukadali wopepuka. Chofunika kwambiri n'chakuti nthawiyo ikhale imodzimodzi tsiku lililonse. Ikakhazikika, simukhalanso mukukambirana zoti alemba kapena salemba, monga momwe sitikambirana zoti lero kuphikidwa nsima kapena ayi. Mupatseni mwayi wosankha zing'onozing'ono: ayambe samu kapena Chingelezi, akhale pakhonde kapena m'nyumba. Mwana akasankha yekha amaona kuti ntchitoyo ndi yake.

Kumudzutsa 22 koloko kuti amalize n'kumulakwira. Ana a zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo mwana wosagona mokwanira amakasinza m'kalasi n'kubwera ndi homuweki ina yomwe sanaimve.

Akhale pabuku nthawi yaitali bwanji?

Yocheperapo kusiyana ndi yomwe makolo ambiri amaganiza. Pali muyeso wodziwika womwe katswiri wina wa pa yunivesite ya Duke ku America, Harris Cooper, amaulimbikitsa: mphindi 10 pa giredi iliyonse. Wa giredi 1 mphindi 10, wa giredi 4 mphindi 40, wa giredi 6 ola limodzi. Mu 2006 iye ndi anzake atasanthula kafukufuku wa zaka zambiri anapeza kuti homuweki imagwirizana kwambiri ndi kukhoza bwino kwa ana akusekondale, pomwe kwa ana ang'onoang'ono kugwirizanako n'kochepa. Ine ndimamva kuti kwa wamng'ono phindu lalikulu ndi chizolowezi chokhala pansi ndi buku, osati kuchuluka kwa masamba. Ngati wa giredi 2 watha ola lathunthu akulira pa samu zisanu, tsekani bukulo. Lembani kakalata kwa aphunzitsi kuti mwana anayesa koma zinamukanika. Mphunzitsi wabwino amakondwera nako kakalata kotero.

Ntchito ikaoneka yambiri, igaweni. Phimbani tsamba ndi pepala kuti aone mafunso atatu okha. Akamaliza aimirire, amwe madzi, abwerenso. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ine sukulu ndinalekezera giredi 4. Ndingamuthandize bwanji mwana pa zinthu zomwe ine sindizidziwa?

Funso ili limandikhudza kuposa onse, chifukwa makolo amalifunsa atazolika, ngati akuulula mlandu. Amayi, atate, ambuya, palibe mlandu apa. Ntchito yophunzitsa samu ndi ya aphunzitsi. Yanu ndi ina, ndipo mphunzitsi sangaigwire ngakhale atafuna.

Khalani pafupi. Ndi zomwezo basi zoyambira. Tolani lichero lanu, muzisankha nyemba kapena kusenda nshawa pamphasa yomweyo pamene iye akulemba. Mwana amadana ndi kutsekeredwa yekha m'chipinda pamene ena onse akuseka panja, chifukwa zimaoneka ngati chilango. Akaona kuti nthawi imeneyi aliyense ali ndi chogwira, mtima wake umakhala pansi.

Kenako mumuuze kuti akuphunzitseni. "Tandiuza, mwanawe, lero aphunzitsi anati chiyani za mvula? Imachokera kuti?" Mwana akamafotokozera munthu wina ndi pamene zinthu zimakhazikika m'mutu mwake, ndipo pamene wakakamira amadzizindikira yekha kuti apa sanamve. Ndinali ndi mtsikana wina wokhoza kwambiri amene ankaleredwa ndi ambuya ake osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo. Madzulo aliwonse ankamuuza kuti awawerengere zonse zomwe walemba tsikulo, ndipo ankayang'ana m'buku kuwerenga zochonga zofiira. Zilembo sankazidziwa, koma chizindikiro chokhoza ndi cholakwa ankachidziwa bwino lomwe. Mtsikanayo ankadziwa kuti kunyumba kuli munthu woyembekezera kuona bukulo.

Dziwaninso kuti muli ndi zambiri zomwe mwana akuzifuna. Mayi wogulitsa tomato pa Saturday Market amachita samu zam'mutu mofulumira kuposa ana ambiri a Fomu 1. Mlimi amadziwa matumba a feteleza olowa pa ekala, amadziwa kuwerengera ndalama za thonje kapena soya. Mupatseni mwana kope kuti azilemba zogulitsa za pakantemba. Muwerengetseni chenji. Nthano, miyambi ndi zirapi zamadzulo zimamupatsa mawu ambiri, ndipo mwana wolemera mawu m'chilankhulo chake savutika kwambiri kuphunzira china.

Pa nkhani ya chilankhuloyi, kuchokera mu 2014 ana a giredi 1 mpaka 4 kuno Kummawa ankaphunzira m'Chinyanja, Chingelezi n'kutenga malo pa giredi 5. Ana ambiri omwe ankakonda sukulu ankayamba kuzemba homuweki pa giredi yomweyo, osati chifukwa nzeru zatha, koma chifukwa mafunso asintha chilankhulo. Silabasi yatsopano yomwe inayamba mu 2025 yasintha zambiri, mpaka pulayimale izithera giredi 6 ndipo kusekondale tikuwerenga mafomu. Mulimonsemo, mwana aliyense amafika pamene funso lili m'Chingelezi chomwe sakuchimva. Pamenepo pezani mkulu wake, msuweni, kapena mwana wa aneba wa kusekondale kuti amumasulire funsolo m'Chinyanja. Amasulire funso lokha, yankho apeze mwiniwake.

Ife tinakula ndi chikwapu ndipo tinaphunzira. Kodi kumukwapula pang'ono n'kulakwa?

Inenso ndinayamba uphunzitsi chikwapu chili m'manja, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikuthandiza ana. Ndikakumbukira lero ndimaona kuti omwe ankakhoza akanakhozabe popanda chikwapucho, pomwe ofooka chinkawathamangitsa. Tikamati tinakula nacho ndipo tinaphunzira, timawerenga ife amene tinatsala. Sitiwerenga anzathu aja omwe anasiyira giredi 3 n'kupita kukaweta ng'ombe chifukwa choopa mphunzitsi wa samu.

Chikwapu chimabweretsa buku lodzaza, sichibweretsa kumvetsa. Mwana woopa kumenyedwa amaphunzira kukopera kwa mnzake m'mawa kuseri kwa kalasi, kung'amba tsamba lomwe walakwitsa, ndi kunama kuti lero sanapatsidwe kanthu. Ndipo munthu wamantha saganiza bwino. Inu nomwe yesani kuwerengera ndalama wina atakuimirirani ndi ndodo.

Lamulo nalonso linasintha. M'sukulu za m'Zambia chikwapu chinaletsedwa mu 2003, lamulo la maphunziro la 2011 linatsindikanso, ndipo lamulo loteteza ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana pomumenya. Kumumana nsima nakonso musayese. Njala siphunzitsa mwana kuwerenga.

Sindikunena kuti mwana azingochita zofuna zake. Malire akhalepo, ndipo akhale odziwika kusanachitike kanthu: mpira ndi TV zimabwera homuweki ikatha. Akakana, simukalipa, simukambanso zambiri, mpira wa tsikulo wapita basi. Mawa mwayi uliponso. Chovuta pa njira imeneyi ndi ife akuluakulu, chifukwa imafuna kuti zomwe tanena Lolemba tikazichitenso Lachinayi titatopa.

Kwa mwana wokulirapo, nthawi zina msiyeni apite kusukulu osalemba akadzionere yekha. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Koma muyambe mwagwirizana ndi aphunzitsi, kuti chomwe akakumane nacho chikhale kulemba pa nthawi yopuma anzake akusewera, osati kunyozedwa.

Bwanji ndizimupatsa ndalama kapena maswiti akamaliza?

Zimagwira mlungu woyamba. Mlungu wachiwiri mwana amayamba kufunsa mtengo asanatsegule buku, ndipo tsiku lomwe mulibe K2 homuweki nayonso palibe. Mu 1973 akatswiri a ku America, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett, anatenga ana aang'ono okonda kujambula, ena n'kuwalonjeza mphoto akajambula. Patapita masiku, olonjezedwa aja anachepetsa kujambula paokha kusiyana ndi anzawo. Chomwe ankachita mokonda chinasanduka ganyu.

Chomwe mwana amachifuna kwambiri ndi maso anu. Muyamikireni, koma muyamikire zomwe wachita. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anapeza kuti ana ouzidwa kuti ndi anzeru ankasankha ntchito zosavuta ndipo ankagwa ulesi msanga zikawavuta, pomwe oyamikiridwa chifukwa cha khama ankalimbikira. Choncho m'malo monena kuti "Ndiwe wanzeru ngati atate ako," nenani kuti, "Ndaona samu ija inakuvuta koma unaibwereza katatu mpaka yatheka." Ndipo chonde lekani kumuyerekeza ndi mkulu wake kapena mwana wa aneba. Palibe mwana amene anayamba kukonda buku chifukwa chouzidwa kuti mnzake amamuposa.

Kukondwerera pamodzi temu ikatha, kuphika mpunga ndi nkhuku chifukwa mwana walimbikira, chimenecho n'chosiyana ndi malipiro, ndipo n'chabwino.

Malaiti amangozima, ndipo kumudzi kulibiretu. Alemba bwanji?

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa tonse. Chilala chitachepetsa madzi kudamu la Kariba komwe amapangira magetsi, ngakhale a m'tauni tinkakhala maola ambiri mumdima. Yankho loyamba ndi dzuwa: homuweki ilembedwe masana. Lachiwiri ndi kanyale ka sola, komwe mukakayanika padenga masana kamawala madzulo onse, ndipo sikafuna parafini. Kakhale ka ana, kasamalandidwe kuti katchajire foni. Kandulo ndi koloboyi pafupi ndi neti yaudzudzu ndi ngozi, musamusiye mwana yekha nazo. Mabanja oyandikana angathenso kusonkhanitsa ana pakhonde limodzi pomwe pali nyale yabwino, wamkulu mmodzi n'kumawayang'anira mosinthana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pakhomo pali ntchito. Kodi ndisiye kumutuma chifukwa cha sukulu?

Ayi. Mwana ayenera kudziwa khasu, mtondo ndi tsache, ndipo ntchito zapakhomo zimamuphunzitsa udindo womwewo umene homuweki imafuna. Vuto ndi kagawidwe kake. Tayang'anani pakhomo panu cha m'ma 17 koloko. Mtsikana wachokera kumjigo, wabereka mwana kumsana, akuyatsa mbaula, akatha apo atsuke mbale. Mlongo wake ali kubwalo la mpira. Ikafika 20 koloko timuuza mtsikana uja kuti atenge mabuku, ndipo akasinza timati alibe chidwi ndi sukulu. Ndaona atsikana anzeru zedi akutsika pang'onopang'ono kuyambira giredi 5, nthawi yomwe amayamba kuonedwa ngati manja achiwiri a amayi awo. Mnyamata angathe kutunga madzi ndi kutsuka mbale, manja ake sathothoka.

Anyamata nawonso ali ndi msampha wawo. M'midzi ya ku Katete, Sinda, Chadiza ndi Petauke mudakali anyamata oweta ng'ombe tsiku lonse, ena kwa eni ake ena, poyembekezera kudzalandira ng'ombe patapita zaka. Ndikumvetsa chomwe ng'ombe imatanthauza pabanja, sindikuchipeputsa. Koma mnyamata wobwera kudambo dzuwa litalowa sangagwirenso pensulo, ndipo zaka zomwe akuthera kutchire ndi zomwezo zophunzirira kuwerenga. Ngati ziweto ndi zapakhomo, akuluakulu azisinthana masiku a sukulu, ana aziweta Loweruka ndi patchuthi.

Nyengo yopalira mu Januwale ndi yokolola mu Meyi ndi Juni zimagwera mkati mwa temu. Pamenepo banja ligwirizane kuti ngakhale ntchito ichuluke bwanji, theka la ola la buku lisakhudzidwe. Mwana amaona zomwe timaziika patsogolo kuposa zomwe timanena.

Foni ndi TV zamulanda mwana wanga. Ndizichotse?

Kuzichotseratu kumabweretsa nkhondo, ndipo akapita kukaonera kwa aneba. Ikani lamulo la nyumba yonse: nthawi ya homuweki TV izime, mafoni akhale patebulo, ndi yanu yomwe. N'kovuta kuuza mwana kuti awerenge pamene atate ake akuseka ndi mavidiyo a pa TikTok pampando womwewo. Ngati aphunzitsi amatumiza ntchito pa WhatsApp, mwana aikopere m'kope, foni ibwerere kwa mwini wake. Usiku foni isagone kuchipinda kwa ana.

Amandiuza kuti sanapatsidwe homuweki, koma ndimamva kwa anzake kuti anapatsidwa.

Musathamangire bodzalo, thamangirani chomwe chalibala. Muuzeni modekha kuti, "Ndamva kuti munapatsidwa samu. Tiye tione pomwe pakuvuta." Akaona kuti kuulula sikubweretsa mkuntho, mabodza amachepa. Pemphani aphunzitsi kuti mwana azilemba ntchito ya tsikulo kumapeto kwa kope, inu muzisayina kapena kudinda chala. Ndipo nthawi ya buku ikhalepo ngakhale tsiku lomwe sanapatsidwedi kanthu: awerenge nkhani, abwereze zakale. Akadziwa kuti kukana sikumupulumutsa pamphasa, bodza limasowa ntchito.

Akamavutika ndimangomulembera kuti tigone. N'kulakwa?

Inde, ngakhale mumatero chifukwa chomukonda. Mphunzitsi akaona zonse zili zokhoza amapitirira, poganiza kuti mwana wamva. Pa mayeso a Examinations Council of Zambia mwana adzakhala yekha. Chitani naye chitsanzo chimodzi chofanana, kenako mubwezereni pensulo. Zolakwa zisiyeni zipite kusukulu, ndi uthenga wofunika kwa aphunzitsi.

Nanga tyushoni?

Imathandiza ngati mukudziwa chenicheni chomwe mwana akusowa, ndipo gulu lake ndi laling'ono. Ngati ndi chipinda china chodzaza ana 40 akukopera pabolodi, mwangomutalikitsira tsiku. Musanalipire, funsani wophunzitsayo kuti mwana wanu ali pati pa kuwerenga ndi samu. Akalephera kuyankha patatha milungu iwiri, sungani ndalama zanu mugule mabuku a nkhani.

Homuweki ndi yambiri, ndipo nthawi zina sichongedwa n'komwe. Ndikalankhule bwanji ndi aphunzitsi osawakhumudwitsa?

Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo ife aphunzitsi tiyenera kulimva. Mwana amene walemba masiku atatu buku lake osatsegulidwa amaona kuti palibe chifukwa cholembera. Koma pitani ngati mnzawo, osati ngati woimba mlandu. Kumbukirani mulu wa makope omwe munthu mmodziyo akuyenera kuchonga. Musadikire tsiku lotenga malipoti. Pitani temu ikangoyamba, mudzidziwikitse, musiye nambala yanu. Polankhula nenani zomwe mwaona: "Aphunzitsi, mwanayu akutha maola awiri pa ntchito ya tsiku limodzi, ndipo samu zogawa sakuzimva. Tingamuthandize bwanji?" Mphunzitsi angathe kuchepetsa mafunso, kumusuntha kuti akhale kutsogolo, kapena kuchongetsa ana mosinthana makope m'kalasi. Zikakanika, kaonaneni ndi ahedi, kapena mukaitule nkhaniyo pamsonkhano wa makolo, chifukwa mwina si inu nokha. Chimodzi chokha ndikupempheni: musanyoze aphunzitsi mwana akumva. Mawa lake sadzaonanso chifukwa chowamvera.

Mwana wanga wa kusekondale ankakonda sukulu, koma mwadzidzidzi wasiya kugwira mabuku. Chachitika n'chiyani?

Kusintha kwadzidzidzi ndi kosiyana ndi zonse takambazi, ndipo musakuchedwetse. Mwana amene ankalemba yekha osatumidwa sasiya popanda chifukwa. Mwina akuvutitsidwa ndi anzake panjira kapena pafoni. Mwina walowa m'gulu la mowa ndi chamba. Mwina maliro kapena mikangano yapakhomo yamulemera mumtima. Mwina pali wamkulu wina amene akumuchita zosayenera, ndipo akusowa pouyambira. Kwa mtsikana, mwina ndi kusowa zovalira pa nthawi ya kumwezi, mwinanso ndi pathupi.

Musamufunse pagulu, ndiponso musayambe ndi za sukulu. Mutengeni popita kumunda kapena kuchigayo, muyende naye awiriwiri, mumuuze kuti mwaona kuti sakusangalala. Kenako khalani chete, mumupatse mpata. Ana ambiri a msinkhu umenewu samasuka kwa makolo awo, ndipo mwambo wathu unadziwa kale zimenezi: alipo ambuya, alipo atsibweni, alipo azakhali. Tumani amene mwanayo amamukonda. Kusukulu kuli aphunzitsi a uphungu, kaonaneni nawo. Ngati mukukayikira kuti mwana akuchitiridwa nkhanza, nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana, komanso kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Ikakhala mimba, sukulu sinathe: kuyambira mu 1997 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Pitani naye kwa ahedi mukalembetse tchuthi chake m'malo mongomusiya azimiririke.

Patchuthi azipumula kapena aziwerengabe?

Apumule, apite kumudzi, akadye nzimbe ndi kandolo kwa ambuya ake. Koma mwezi wathunthu osaona chilembo umabweza mwana m'mbuyo, makamaka amene wangoyamba kumene kuwerenga. Mphindi 15 patsiku zikwanira, ndipo zisaoneke ngati sukulu. Tchuthi cha Epulo alembe matumba a nshawa omwe mwakolola ndi kuwerengera mtengo wake. Cha Disembala awerengere ambuya ake malangizo a pathumba la mbewu. Cha Ogasiti, ngati mupita ku Kulamba ku Mkaika, atenge kope akalembe magule omwe waona ndi madera omwe mafumu achokera, a kuno, a ku Malawi ndi a ku Mozambique. Mdzukulu wanga wamng'ono anabwerako ndi masamba anayi, ndipo anatiwerengera tonse pakhonde madzulo omwewo.